Moto ukazima, alipire ndani?

Mawu oyankhulidwa kwa makomiti a chitukuko a m'mawodi ndi kwa anthu okhala m'maboma a Machinga ndi Balaka, pa nkhani ya moto, kuonongeka kwa katundu, kuvulala kwa anthu ndi chipukuta misozi



Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba, maboma awiriwa amakhala ngati mtolo wa nkhuni zouma umene ukungodikira machesi. Udzu umakhala utauma, mphepo ikuomba, dzuwa la m'chigwa cha Shire likuswa mtengo. Munthu woyenda usiku pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja amaona mizere yofiira ikukwera m'mapiri, ndipo wodutsa ku Phalula kapena ku Ulongwe m'mawa amapeza lupsa pamene dzulo lake panali tchire. Machinga ndi Balaka linali boma limodzi kufikira mu 1998, ndipo ngakhale maofesi anagawikana, nyengo, kamangidwe ka nyumba ndi njira zopezera ndalama n'zofanana. Mavuto a moto nawonso ndi amodzimodzi.

Pali chinthu chimodzi choyenera kunenedwa poyera nkhani isanapite patali. Magalimoto odalirika ozimitsa moto m'chigawo chino ali m'mizinda ya Zomba ndi Blantyre. Kuchokera ku Zomba kufika ku Liwonde ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo Nsanama, Ntaja, Nayuchi kapena Utale ndi kutali kuposa apo. Nyumba yofolera ndi udzu imatha m'mphindi zochepa. Choncho moto wa m'madera ano umazimitsidwa ndi zidebe, mchenga ndi nthambi zaziwisi, apo ayi umazima wokha ukamaliza kudya. Ndiye phulusa likazizira, opepesa akabalalika, mwini nyumba amatsala ndi funso limodzi: alipire ndani?

Ena amathamangira kwa mfumu, ena ku polisi, ena ku ofesi ya bwanamkubwa. Ambiri amabwerako okhumudwa, ndipo kawirikawiri chimene chawakhumudwitsa ndi kusakaniza zinthu zitatu zosiyana: thandizo, chilango ndi chipukuta misozi. Chilichonse chili ndi khomo lake, ndipo wogogoda pakhomo lolakwika amaganiza kuti boma lamukana.

Thandizo limadzera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, imene tsopano ikutsatira lamulo la 2023 lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1991. Njira yake imayambira pamudzi. Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi imalemba zomwe zachitika, n'kupereka kwa komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako lipoti limafika ku khonsolo. Katundu akapezeka, banja limatha kulandira chimanga, mabulangete, ziwiya kapena pepala lofolera. Thandizo lotere silifunsa kuti wolakwa ndani, ndipo silibweza mtengo wa zomwe zapsa. Telala amene makina ake osokera asungunuka, kapena wakabaza amene njinga yake yamoto yatsala mafupa okhaokha, sadzalandira zimenezi kuchokera ku thumba la ngozi. Thumbalonso ndi lomwelo limene limayang'anira anthu okhudzidwa ndi chilala ndi madzi osefukira, ndipo aliyense akukumbukira kuchuluka kwa mabanja amene anafuna thandizo pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Chilango ndi nkhani ya apolisi ndi makhoti. Gawo 337 la Penal Code likuti munthu amene watentha mwadala, popanda chilolezo cha lamulo, nyumba kapena chomangidwa chilichonse, chomalizidwa kaya chosamalizidwa, kapena mulu wa zokolola, wapalamula mlandu waukulu umene chilango chake chingafike pokhala m'ndende moyo wonse. Kungoyesa kutentha ndi mlandunso, chimodzimodzi kuyatsa mbewu zili m'munda kapena mitengo yobzalidwa. Si aliyense wopezeka wolakwa amene amalandira chilango chachikulu chomwecho, pakuti khoti limayang'ana kukula kwa chionongeko, ngati munali anthu ogona m'nyumbamo, ndiponso ngati wolakwayo ndi koyamba. Komabe lamulo linaika kutentha nyumba pafupi ndi milandu yoopsa kwambiri, chifukwa woyatsa denga usiku sadziwa amene wagona pansi pake.

Zoyambitsa milandu yotere zimadziwika: nsanje ya m'banja, mkangano wa malire a munda, kulimbirana ufumu, ngongole. China chochititsa manyazi ndi kutenthera nyumba nkhalamba poiganizira ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Gulu likapita kukatentha nyumba ya gogo, aliyense amene ananyamula muuni kapena botolo la mafuta amakayankha payekha pamaso pa majisitireti. Mawu akuti "tinali ambiri" samasula munthu.

Balaka ili ndi nkhani ya moto imene inamveka dziko lonse. Mu Seputembala 2011, patangodutsa miyezi yosakwana iwiri chichitikire zionetsero za pa 20 Julayi, nyumba ya m'busa MacDonald Sembereka, mmodzi wa atsogoleri a mabungwe omenyera ufulu wa anthu, inatenthedwa ku Balaka. M'mwezi womwewo ofesi ya bungwe la Institute for Policy Interaction, lotsogoleredwa ndi Rafik Hajat, inapsa ku Blantyre. Manyuzipepala analemba, mawailesi analengeza, mabungwe a kunja anapempha kuti pachitike kafukufuku. Kuti nyumba yapsa panalibe wotsutsa. Funso limene linali pakamwa pa aliyense linali lakuti anayatsa ndani. Funso lomweli ndi limene limakumana ndi mlimi wa kwa Kalembo kapena msodzi wa kwa Mposa amene dzina lake silidzamveka pa wailesi. Mudzi wonse ungathe kukhala ndi dzina m'maganizo, koma khoti silimanga munthu potengera manong'onong'o. Limafuna mboni imene inaona, mawu oopseza amene anamveka masana, mapazi, botolo lonunkha mafuta lopezeka pamalopo.

Ndipo ngakhale wolakwa atapezeka n'kumangidwa, nyumba siimanso chifukwa cha zimenezo. Mlandu wa ku polisi ndi wa pakati pa boma ndi wopalamula. Mwini nyumba amangokhalapo ngati mboni. Khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti wolakwa abwezeko zina, ndipo n'kwanzeru kuuza wapolisi woimira boma pa mlandu mtengo wa zomwe zinapsa kuti akaukumbutse pamaso pa majisitireti. Koma munthu amene ali m'ndende kawirikawiri alibe chobweza.

Apa ndi pamene pamabwera khomo lachitatu, la chipukuta misozi, limene ndi losadziwika kwenikweni kwa anthu ambiri. Uwu ndi mlandu wa pakati pa munthu ndi mnzake, kapena munthu ndi kampani, ndipo sumayamba wokha. Wodandaula ndiye ayenera kuutsegula. Ubwino wake ndi wakuti sipafunika kusonyeza kuti winayo anachita dala. N'kokwanira kusonyeza kuti sanasamale monga momwe munthu wanzeru zake akanasamalira, ndipo kusasamalako ndiko kunabweretsa chionongeko. Mfundo imeneyi inachokera ku malamulo a ku England amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 1902, koma si yachilendo kwa makolo a kuno, amene kuyambira kale ankalipitsa mwini mbuzi zikadya mmera wa mnansi. Muyeso wa umboni nawonso ndi wopepukirapo. Pa mlandu wa ku polisi khoti liyenera kukhutira popanda chikaiko chomveka, pamene pa mlandu wa chipukuta misozi limangoyeza kuti mbali iti ikuoneka yoona kuposa inzake. N'chifukwa chake munthu angathe kumasulidwa pa mlandu wotentha nyumba koma n'kulamulidwabe kulipira.

Moto wambiri m'midzi suyatsidwa ndi mdani. Umayatsidwa ndi wosaka mbewa, wosusa munda amene watentha mapesi masana mphepo ikuomba, wotcha makala amene wasiya uvuni usanazime, wofula njuchi, wosuta amene waponya ndudu m'mbali mwa njira. Onsewa akafunsidwa amati sanafune. Lamulo silifunsa chimene anafuna. Limafunsa ngati analambula malire asanayatse, ngati anayang'ana kumene mphepo ikulowera, ngati anakhalapo mpaka moto utazima. Mwini munda amene watuma waganyu kukatentha zinyalala sangazembe mosavuta ponena kuti machesi anali m'manja mwa wina. Nkhani ya ana ndiyo yovutirapo. Pabwalo la mfumu, mwana akatentha nkhokwe ya mnansi makolo amalipira, ndipo palibe amatsutsa. Ku khoti zimafunika kusonyeza kuti khololo palokha linalephera udindo wake, monga kusiya machesi kapena mafuta pofikira mwana, kapena kumutuma ntchito ya moto yosayenera msinkhu wake. Ndipo moto ukalowa m'nkhalango zotetezedwa za Liwonde kapena Malosa, nkhani imasanduka ya lamulo la za nkhalango la 1997, limene zilango zake zinakwezedwa mu 2020.

Wofuna chipukuta misozi ayenera kusonyeza chimene chinayambitsa moto, amene anali ndi udindo pa chimenecho, ndi mtengo wa zomwe zatayika. Pa zitatuzi, milandu yambiri imagwera pa choyamba ndi chomaliza.

Choyamba chimatayika chifukwa cha chifundo. M'mudzi muno nyumba ikapsa usiku, m'mawa mwake amayi amakhala atasesa phulusa, abambo atapita kukadula milimo, achinyamata atayamba kugwetsa zipupa zong'ambika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khalidwe limeneli n'losiririka. Koma tsache lomwelo limasesa umboni. Pamene moto unayambira, mbali imene unalowera, waya wosungunuka, chigubu chotsala theka, zonsezi zimayankhula kwa wofufuza ngati zapezeka pamalo pake. Tsiku limodzi lodikira apolisi, mfumu ndi a komiti kuti aone ndi kulemba silichedwetsa kumanga. Masiku ano palibe mudzi wosowa foni yojambula. Zithunzi zijambulidwe phulusa lisanasesedwe, mbali zonse, kunja ndi mkati, ndipo zitumizidwe kwa wachibale wina kuti foni ikatayika zisatayikire limodzi. Mayina a anthu oyamba kufika alembedwe tsiku lomwelo, chifukwa pakatha chaka wina amakhala ali ku Joni, wina waiwala, wina wayanjana ndi wolakwayo.

Mtengo wa katundu ndiwo umaliritsa ambiri. Makhoti a m'dziko muno amalimbikira kuti katundu aliyense amene munthu akufuna kubwezeredwa atchulidwe m'zikalata za mlandu, ndipo mtengo wake utsimikizidwe. Kungoti "zonse zinapsa" sikuthandiza woweruza, ngakhale atamva chisoni chotani. Wina anganene kuti malisiti anapsera limodzi ndi nyumba, ndipo n'zoona. Koma umboni suli m'malisiti mokha. Sitolo imene inagulitsa malata imatha kukhala ndi buku lotsalira. Ndalama zolipiridwa pa Airtel Money kapena Mpamba zimasiya mapazi. Kalabu ya alimi a thonje ku Balaka kapena a mpunga ku Machinga imadziwa kukula kwa munda wa membala wake ndi zimene amakolola. Mmisiri amene anamanga nyumba angathe kuchitira umboni za mtengo wake, ndipo sitolo ingalembe mtengo wa lero wa katundu wofanana. Ndalama zosungidwa pansi pa matiresi kapena m'bokosi la banki m'khonde ndizo zovuta koposa, pakuti zikasanduka phulusa palibe amene angatsimikize kuti zinali zingati, kupatula ngati buku la gulu linkasungidwa kunyumba ina. Ngongole nayo sipsa. Amene anakongola ndalama n'kupikula katundu amene wapsa adakali ndi ngongole yake, pokhapokha pangano la ngongoleyo linali ndi inshuwalansi mkati mwake, ndipo n'koyenera kukafunsa.

M'matauni a Liwonde ndi Balaka, komanso m'misika ikuluikulu ya m'midzi kumene magetsi afika, moto ukabuka chala chimaloza msanga ku ESCOM. Nthawi zina chimaloza molondola, monga pamene magetsi abwera ndi mphamvu yopyola muyeso kapena waya wa pamtengo wagwera padenga, ndipo anthu akhala akusumira kampaniyi m'makhoti pa nkhani zotere. Koma udindo wa kampani umafika pa mita. Mawaya a m'nyumba ndi a mwini nyumba. Funso loyamba limene loya wa kampani adzafunsa ndi lakuti anaika mawayawo ndani, ndipo ali ndi chiphaso cha MERA kapena ayi. Amene anaitana mnyamata wa pamsika chifukwa chotchipa, kapena amene anakoka chingwe kuchokera kwa mnansi kudutsa pansi pa nthaka, amakhala atafooketsa mlandu wake moto usanabuke. Wokhudzidwa akadziwitse ESCOM msanga ndiponso molemba, asunge kope la kalata yake, asataye zipangizo zopsa, ndipo afunse ngati nyumba zoyandikana zinaonanso vuto usiku womwewo, chifukwa mawailesi ndi mababu opsa m'nyumba zisanu nthawi imodzi ndi mboni yamphamvu. Ngati yankho silikukhutiritsa, MERA imalandira madandaulo a ogula magetsi. Wokhala pa lendi naye adziwe kuti katundu wake sali m'manja mwa mwini nyumba mwachisawawa. Koma ngati anadandaulapo za waya wothetheka ndipo mwini nyumba sanakonze, uthenga wa pa foni umene anatumiza tsiku limenelo ndi umboni wofunika kuusunga.

Za misika, khonsolo iyenera kuyankhula mosabisa chifukwa nkhaniyi ikuikhudza. Chiphaso chimene wamalonda amadula tsiku ndi tsiku ndi malipiro a malo ndi ntchito zosamalira msika. Si inshuwalansi. Msika ukapsa, khonsolo siikhala ndi ngongole kwa amalonda chifukwa chongoti inkatolera ndalama. Mbali inayo ndi yoonanso: lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapanga khonsolo kukhala bungwe loima palokha, lotha kusuma ndi kusumiridwa, ndipo ngati patapezeka umboni wakuti moto unadza chifukwa cha kusasamala kwa khonsolo kapena antchito ake, khoti lingathe kuilamula kulipira monga munthu wina aliyense. Komabe aliyense amene amalowa m'misika ya kuno amadziwa mmene zilili: mabenchi a matabwa ogundana, mapepala a pulasitiki padenga, mbaula za ophika pafupi ndi mabelo a kaunjika, mawaya olumikizalumikiza, njira zotsekedwa ndi zisakasa zatsopano. Moto ukadutsa pamalo otere, kupeza woyambitsa n'kovuta, ndipo akapezeka nthawi zambiri ndi wogulitsa tchipisi amene sangathe kulipira ngakhale benchi limodzi. Chitetezo chenicheni cha wamalonda ndi inshuwalansi, kaya payekha kaya ngati gulu. Amene ali nayo akumbukire kuti makampani amafuna kudziwitsidwa mwamsanga, amafuna lipoti la apolisi ndi buku la katundu, ndipo angathe kukana kulipira ngati munthu anabisa kuti amasunga zinthu zoyaka msanga. Dandaulo lokhudza kampani ya inshuwalansi limapita ku Reserve Bank, imene imayang'anira makampaniwa.

Pa zinthu zoyaka msanga, petulo ndiye woyamba. Mafuta akasowa m'dziko, monga zinachitikira mu 2022 ndi mu 2024, zigubu zimalowa m'nyumba zogona ndi m'magolosale, ndipo mabotolo amaikidwa m'mbali mwa msewu podikira akabaza. Kugulitsa mafuta popanda chiphaso n'kuphwanya lamulo, ndipo amene wasunga zigubu kuchipinda, moto n'kufalikira kwa anansi, sadzasowa womusumira. Petulo sayembekezera lawi kumukhudza. Mpweya wake umayenda pansi mpaka kukapeza mbaula kapena kandulo. Pa 17 Novembala 2016, pamudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki ya mafuta yochokera ku Beira kubwera ku Malawi inaphulika anthu ataizinga ndi zigubu, ndipo oposa 70 anafa, ena ambiri n'kupsa moopsa. Mathanki otere amadutsa pa Balaka ndi pa Liwonde tsiku lililonse. Thanki ikagubuduzika, malo oyenera munthu ndi kutali. Amene wavulala akutunga mafuta a eni, khoti lidzayamba lafunsa chimene ankachita pamenepo, ndipo yankho lake lingachepetse kapena kufafaniziratu chimene akanalandira.

Nyumba imamangidwanso, khungu silibwerera mwakale. Ambiri mwa amene amafika m'zipatala atapsa ndi ana aang'ono, ogwera pamoto wophikira kapena othiridwa phala ndi madzi otentha. Gulu lina ndi la odwala matenda akugwa, amene amakomokera pamoto. Pali chikhulupiriro chakuti wogwira munthu wakhunyu pamene wagwa amatenga matendawo. Si zoona, ndipo mphindi zimene anthu amaima n'kumayang'ana ndizo zimasandutsa bala laling'ono kukhala kulumala kwa moyo wonse. Wopsa athiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi pafupifupi 20, afundidwe nsalu yoyera, n'kuthamangira naye kuchipatala. Mazira, mankhwala otsukira mano, mchere, mafuta ophikira ndi zitsamba zimangoitana matenda pabala. Chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde ndi cha Balaka zimalandira odwala otere, ndipo opsa kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu, kuphatikizapo Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli wodi ya anthu opsa.

Kupita kuchipatala msanga kuli ndi phindu linanso. Lipoti la dokotala ndilo maziko a mlandu wa wovulala. Khoti limapereka chipukuta misozi chifukwa cha ululu, zipsera, kulephera kuchita zimene munthu ankachita kale, ndalama zoyendera ndi zogulira mankhwala, komanso kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama m'tsogolo. Buku la kuchipatala lisatayike, ngakhale litada bwanji. Wopsa ali pantchito, kaya pachigayo, pamalo owotcherera zitsulo kapena m'khitchini ya malo odyera, ali ndi njira yakeyake pansi pa lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000, kudzera ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ndipo kumeneko safunika kusonyeza kuti bwana analakwa. Munthu akafa pa moto wobwera chifukwa cha kulakwa kwa wina, amene ankadalira thandizo lake, monga mkazi, mwamuna, ana kapena makolo, angathe kusuma. Ndalama zotere ndi za iwowo, ndipo achibale ena asazione ngati chuma chogawana pa msonkhano wa pambuyo pa maliro.

Akuluakulu amati mlandu suola. Pabwalo la mfumu mwina n'zoona, koma ku khoti mlandu wa chipukuta misozi umaola. Lamulo lotchedwa Limitation Act limapereka zaka 3 kwa munthu wovulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, ndi zaka 6 pa nkhani ya katundu. Nthawi ikadutsa, winayo amangouza khoti kuti mlandu wachedwa, ndipo ngakhale umboni utadzaza dengu, nkhani imatha kuthera pomwepo. Zaka zitatu zimaoneka zambiri kwa munthu amene ali pabedi la chipatala, koma zimatha msanga pakati pa malonjezo akuti "tikuonani mwezi wa mawa". Kukambirana sikuimitsa nthawi. Wofuna kusumira boma lalikulu ali ndi sitepe inanso: ayenera kuyamba wapereka chidziwitso cholemba kwa mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo, n'kudikira nthawi imene lamulo linaika mlandu usanatsegulidwe.

Si nkhani iliyonse yoyenera kufika ku khoti. Pamene khola la mbuzi lapsa chifukwa cha moto wa mnansi amene akuvomera kulakwa kwake, bwalo la mfumu ndi lachangu, lotchipa, ndipo limasiya anthu akupatsanabe moni. Chofunika n'chakuti chigamulo chilembedwe: alipira zingati kapena chiyani, pofika liti, pamaso pa mboni ziti, ndipo onse asainire kapena adinde chala. Pangano la pakamwa limasintha mvula ikagwa. Koma kutentha nyumba mwadala, kapena moto umene wapha kapena kuvulaza munthu, si nkhani yothera pa nkhuku. Apolisi ayenera kudziwa. Wosainira pepala lakuti walandira zonse ndipo sadzadandaulanso, makamaka lochokera ku kampani, ayambe walipereka kwa wodziwa malamulo kuti amuwerengere, pakuti bala la moto limaonetsa kukula kwake patapita miyezi.

Milandu ing'onoing'ono imatha kutsegulidwa ku khoti la majisitireti ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo kalaliki wa khoti amafotokoza ngati ndalama zimene munthu akufuna zili mkati mwa mphamvu za khotilo. Ikuluikulu imapita ku High Court, imene ili ndi nthambi ku Zomba. Wosowa ndalama zolipirira loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu otere. Anthu achenjere ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala kulonjeza mamiliyoni. Wopereka mlandu kwa loya adziwe dzina lake ndi ofesi yake, amve za malipiro ntchito isanayambe, ndipo asunge makope a zikalata zonse zimene wapereka.

Kwa makomiti a m'midzi ndi a m'madera, pempho la khonsolo ndi lakuti lipoti la moto lifike ku ofesi yoona za ngozi mwamsanga, ndipo lilembedwe mokwanira: tsiku ndi ola, dzina la mudzi ndi la mfumu, chiwerengero cha anthu a m'banjamo ndi misinkhu yawo, ovulala ndi chipatala chimene apita, katundu mmodzimmodzi, ndi chimene mboni zinaona ndi maso awo, osati chimene mudzi ukuganiza. Zikalata zopsa, monga chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a sukulu, zilembedwenso mu lipoti la apolisi, chifukwa maofesi opereka zatsopano amafuna kuona lipotilo. Kope limodzi la zonsezi litsale m'manja mwa banja lokhudzidwa.